Kutsekula Mtsempha wa Magazi Popanda Mpeni

Pa mawu onse amene dokotala angauze munthu wodwala, ndi ochepa amene amalasa mtima ngati akuti, "Bambo, mwendo uwu tiyenera kuudula." Ambiri akamva zotere amapempha kuti ayambe apita kumudzi kukafunsa abale, ndipo ena sabwereranso kufikira zinthu zitaipiratu. Sitingawadzudzule, pakuti mwendo ndiwo umafikitsa mlimi kumunda, msodzi kunyanja ndi mayi kuchitsime. M'phunziro la mwezi uno tifotokoza za njira imene madokotala adatulukira yotsekulira mtsempha wa magazi wotsekeka popanda kung'amba thupi, njira imene yapulumutsa miyendo ya anthu ambiri m'maiko osiyanasiyana.

Talemba phunziroli poganizira inu a ku Golomoti, ku Mua, ku Mtakataka ndi midzi yonse ya kuchigwa, amene mwina mukuliwerenga muli pa benchi kudikira kuti dzina lanu liitanidwe. Tinene poyambirira pomwe kuti chithandizo chimene tikambe pano sichichitika pa chipatala chaching'ono, ngakhalenso pa zipatala za m'maboma monga cha Dedza. Chimafuna makina a mtengo wapatali ndiponso akatswiri ophunzira zaka zambiri. Nanga tikuchiphunziriranji? Chifukwa chake n'chakuti chithandizochi chimapulumutsa mnofu umene ukadali ndi moyo basi. Tsono zakuti mwendo ukafika kwa akatswiriwo uli wamoyo kapena utafa kale, zimayambira kumudzi ndi pa chipatala chathu chaching'ono chomwechi.

Ngalande za m'thupi

Amene adaonapo sikimu ya mpunga ya ku Bwanje akudziwa mmene madzi amayendera kumeneko. Amachoka mumtsinje n'kulowa m'ngalande yaikulu, ngalandeyo n'kugawikana m'ngalande zing'onozing'ono mpaka madzi atafika m'munda wa mlimi aliyense. Thupi la munthu lilinso chimodzimodzi. Mtima ndiwo umapopa magazi, ndipo magaziwo amayenda m'mitsempha kupita ku chiwalo chilichonse atanyamula chakudya ndi mpweya wabwino. Mitsemphayi ilipo ya mitundu iwiri. Ina imachotsa magazi ku mtima, ndipo ndi imene mumaimva ikugunda mukagwira pamkono kapena pakhosi. Ina imabweza magazi ku mtima, monga ija imaoneka yotukuka kunja kwa dzanja, imene namwino amabaya poika diripi. Nkhani yathu ikukhudza makamaka mitsempha yogundayo.

Ngalande ikayamba kudzaza matope, munda woyamba kuuma ndi wa kumapeto. M'thupi la munthu munda wa kumapeto ndi phazi, popeza ndilo lili kutali kwambiri ndi mtima. Mafuta ndi zinthu zina zimaunjikana pang'onopang'ono m'kati mwa khoma la mtsempha n'kuuma gwa, kotero kuti njira ya magazi imanka nichepa chaka ndi chaka. Matope a m'ngalande amaoneka ndi maso, ndipo alimi amamemana kukawachotsa. A mumtsempha amatha zaka zambiri mwiniwake osadziwa kanthu.

Zimene zimafulumiza kutsekekaku ndi fodya, matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi kumene ambiri amati BP, mafuta ochuluka m'magazi, ndi ukalamba. Madokotala a kuno kummwera kwa Africa adaonanso kuti kachirombo ka HIV kamatha kuononga mitsempha ya anthu a zaka zochepa. Ena amaganiza kuti awa ndi matenda a anthu olemera a m'tauni, koma si choncho ayi. Kafukufuku amene Unduna wa za Umoyo udachita pamodzi ndi bungwe la WHO m'chaka cha 2009 adapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi muno adali ndi BP, ndipo pafupifupi anthu 6 mwa 100 alionse adali ndi shuga. Ochuluka mwa a BP aja sankadziwa n'komwe kuti ali nayo, ndipo a kumudzi sadatsalire. Pa dziko lonse lapansi, akatswiri adawerengera kuti m'chaka cha 2010 anthu oposa 200 miliyoni adali ndi mitsempha ya m'miyendo yochepa njira.

Mmene mwendo umadandaulira

Chizindikiro choyamba ndi kupweteka kwa katumba poyenda. Munthu amanyamuka bwinobwino, koma akayenda kamtunda, katumba amamangika ndi kuwawa mpaka munthuyo aime. Akapumula mphindi zochepa ululu umatha, ndipo akayambanso ulendo umabwerera atayenda mtunda wofanana ndi woyamba uja. Pokwera chitunda, monga pa msewu wa Khwekhwerere, ululuwo umafika msanga. Kupweteka kwa nyamakazi n'kosiyana, chifukwa kumakhala m'mfundo za mafupa ndipo nthawi zambiri kumavuta m'mawa munthu akangodzuka.

Matenda akakula, zala za kuphazi zimayamba kuwawa usiku munthu ali gone, ndipo amapezako bwino akakhala tsonga n'kutsitsa mwendo pansi. Phazi limazizira kuposa linzake, ubweya wa pamsongolo umathothoka, khungu limanyezimira, zikhadabo zimakhuthala. Kenaka kabala kakang'ono, ka munga kapena ka chipunthwa, kamakana kupola. Pomaliza chala chimada bii ndi kuyamba kuola.

Pamenepa m'pamene ambiri amasokera. Poona kuti phazi lazizira, amaliwotha pamoto kapena kuliviika m'madzi otentha, ndipo limapsa mwiniwake osamva, makamaka ngati ali ndi shuga amene amachititsa mapazi dzanzi. Ena amati munthuyo adaponda mankhwala, n'kumutema mphini. Tikupemphani ndi ulemu wonse, makolo athu: phazi losowa magazi musaliteme. Bala limapola ndi magazi, ndipo mphini iliyonse pa phazi lotere ndi khomo lolowera tizirombo.

Anthu amene adatsegula njira

Kale dokotala adalibe njira yoonera m'kati mwa mtsempha wa munthu wamoyo. Makina a X-ray, amene adatulukiridwa ndi Wilhelm Röntgen wa ku Germany mu 1895, amaonetsa mafupa bwino koma mitsempha saionetsa. M'chaka cha 1927 Egas Moniz wa ku Portugal adathira m'mitsempha ya kumutu mankhwala a madzi ooneka pa X-ray, ndipo mitsemphayo idaonekera pa chithunzi ngati nthambi za mtengo. Patapita zaka ziwiri, mu 1929, dokotala wachinyamata wa ku Germany, Werner Forssmann, adachita chinthu chimene anzake adachiyesa misala. Adadzilowetsa kachubu mumtsempha wa pa mkono wake, n'kukakankha mpaka kufika ku mtima, kenaka n'kudzijambulitsa pa X-ray kuti pakhale umboni. Akuluakulu ake sadakondwere nazo, koma mu 1956 adalandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi madokotala ena awiri.

Mu 1953 Sven-Ivar Seldinger wa ku Sweden adapeza njira yolowetsera kachubu popanda kucheka khungu, ndipo ndiyo imagwiritsidwa ntchito mpaka lero. Amabaya mtsempha ndi singano ya mphako, n'kulowetsa kawaya kofewa kudzera m'singanomo. Akatero amasolola singano kusiya kawaya, ndipo kachubu kamatsetsereka pa kawayako monga mkanda umatsetserekera pa ulusi.

Mpaka nthawi imeneyo kachubu kadali kongothandiza kuona matenda. Amene adayamba kuchiza nako ndi Charles Dotter wa mumzinda wa Portland, m'chigawo cha Oregon ku America. Pa 16 January 1964 adalandira gogo wina wa zaka 82, Laura Shaw, amene phazi lake lakumanzere lidali ndi chilonda ndipo zala zina zidali zitayamba kuola. Madokotala adamuuza kuti mwendo udulidwe, koma gogoyo adakanitsitsa. Dotter adajambula mtsempha wa m'ntchafu napeza kuti wachepa njira pa kamalo kafupi. Adadutsitsa kawaya pamalopo, kenaka kachubu kakang'ono, kenaka kokulirapo pamwamba pake, mpaka njira idakula. Phazi lidayamba kufunda, ululu udatha, chilonda chidapola, ndipo gogoyo adayendanso ndi miyendo yake yonse iwiri kufikira adamwalira ndi matenda a mtima patapita zaka pafupifupi zitatu.

Pali mbali ina ya nkhaniyi imene ambiri amaidumpha poisimba, koma ife tiyenera kuigwiritsa. Zala zija zimene zidali zitaola kale sizidabwerere, zidathothoka zokha. Magazi adapulumutsa phazi chifukwa adalipeza likadali lamoyo, koma zalazo adazipeza zitafa. Madzi akatayika saoleka.

Amene adawonjezera luso pa ntchito ya Dotter ndi Andreas Gruentzig, dokotala wa ku Germany amene ankagwira ntchito mumzinda wa Zurich ku Switzerland. Iye adaganiza zoika kabaluni kolimba kunsonga kwa kachubu, ndipo mabaluni oyamba ankawapanga pa tebulo la kukhitchini kwake, mothandizidwa ndi mkazi wake ndi anzake. Mu 1974 adatsekula nako mtsempha wa m'mwendo, ndipo pa 16 September 1977 adatsekula mtsempha wodyetsa mtima wa bambo wa zaka 38, bamboyo ali maso. Atamujambulanso patapita zaka khumi, adapeza mtsemphawo ukadali wotseguka. Mu 1986 Jacques Puel ku France ndi Ulrich Sigwart ku Switzerland adayamba kusiya kaukonde ka waya m'mitsempha ya mtima kuti isafotenso. Kaukondeka amakatcha stent.

Mmene ntchitoyi imachitikira masiku ano

Wodwala amagona chagada pa bedi lopapatiza, pansi pa makina a X-ray oonetsa zithunzi zoyenda ngati kanema. Nthawi zambiri samugonetsa tulo. Amangomubaya mankhwala ochititsa dzanzi m'mphechepeche mwa mwendo kapena pamkono pafupi ndi dzanja, pamene mtsempha wogunda uli pafupi ndi khungu. Kawaya kamene amalowetsa sikakwana milimita imodzi kunenepa kwake, ndipo kachubu kamakhala ngati kamtengo ka machesi. Wodwala samva kawayako kakuyenda m'thupi. Chimene amamva ndi kutentha kwa kanthawi pamene dokotala athira mankhwala oonetsa mitsempha aja.

Dokotala sayang'ana pa mwendo wa wodwala, maso ake amakhala pa kanemayo. Amapotoza kawaya ndi zala zake, kukawongolera m'mphambano za mitsempha mpaka katadutsa pamalo pothina. Apa m'pamene pagona luso, ndipo nthawi zina kudutsa pamalo potsekekeratu kumatenga ola lathunthu. Kawaya kakadutsa, kabaluni kamatsatira kali kophwa. Kakafika pothinapo amakapopa ndi madzi, mwamphamvu yoposa kangapo mpweya wa mu tayala la galimoto, kwa mphindi imodzi kapena zingapo. Kabaluni kamakankhira zouma zija kumbali, njira n'kukula. Akatero amakaphwetsa n'kukatulutsa.

Ngati mtsempha ukufuna kufotanso, amaikamo stent. Inu a kunyanja mumaudziwa mono wogwirira nsomba. Stent ili ngati kamono kakang'ono kolukidwa ndi waya, koma kotseguka mbali zonse ziwiri. Imalowa itapindika, n'kutambasuka ikafika pamalo pake, ndipo imakhala momwemo moyo wonse wa munthuyo. Kuyambira cha m'ma 2002 kudabwera ma stent opakidwa mankhwala oletsa mnofu kumera mopitirira m'kati mwake, ndipo pambuyo pake kudabweranso mabaluni opakidwa mankhwala otere.

Ntchito ikatha, amatsindika pobayidwa paja kuti magazi asatuluke, wodwala n'kugona osapinda mwendo kwa maola angapo. Ambiri amatuluka m'chipatala tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake, ali ndi kabala kosafuna n'kusoka komwe. Kwa nkhalamba ya mtima wofooka, imene siingapirire opaleshoni yaikulu, kusiyanaku n'kwakukulu zedi.

Njira yomweyi imathandizanso pa matenda ena. Mtsempha waukulu wa m'mimba ukatupa ngati chubu cha njinga chofuna kuphulika, amaulowetsa chubu china m'kati, monga adachitira Juan Parodi ku Argentina mu 1990. Mayi akamataya magazi kwambiri atabereka, amatha kutseka mtsempha wokhawo umene ukutaya, chiberekero osachotsedwa. Ndipo m'chaka cha 2015 kafukufuku wa m'maiko angapo adatsimikiza kuti pa sitiroko yobwera chifukwa cha magazi oundana mumtsempha waukulu wa ku ubongo, kukoka magaziwo ndi kachubu m'maola oyambirira kumapulumutsa ambiri ku kufa ziwalo.

Si mankhwala a zonse

Tisakunamizeni kuti kabaluni kamathetsa matenda. Kamatsekula malo amodzi, koma chimene chidatseka malowo chimakhala chikadali m'thupi. Mtsempha wotsekulidwa umatha kuthinanso pakapita miyezi kapena zaka, makamaka mwa munthu amene wabwerera ku fodya. Mankhwala oonetsa mitsempha aja amatha kuvutitsa impso zofooka, ndipo pobayidwa paja nthawi zina pamataya magazi. Ngakhale mpeni sudathe ntchito. Kafukufuku wamkulu amene zotsatira zake zidatuluka ku America mu 2022, wokhudza odwala oposa 1,800 a miyendo yotsala pang'ono kudulidwa, adapeza kuti odwala amene adali ndi mtsempha wabwino wa m'mwendo woti n'kulambalalitsira magazi pamalo potsekeka adathandizika kwambiri ndi opaleshoni kusiyana ndi kabaluni. Motero dokotala akasankha opaleshoni, musaganize kuti wakumanani chabwino.

Vuto lina ndi mtunda ndi ndalama. Kwa zaka zambiri Amalawi ofuna chithandizo cha mtundu uwu akhala akupita kunja, makamaka ku India ndi ku South Africa, ena potumizidwa ndi boma, ena podzilipirira, ndipo ulendo wotere sukonzeka tsiku limodzi. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Mwambiwu tikuubwereka mwamanyazi, popeza fodyayo ndi amene tikulimbana naye, koma tanthauzo lake ndi loona: tigwiritse chimene chili pafupi.

Zimene zili pafupi

Pa chipatala chaching'ono amayeza BP, ndipo kuyezako sikutenga mphindi zisanu. Munthu aliyense wamkulu ayezetse ngakhale kamodzi pa chaka, ndipo manambala alembedwe m'kabuku kake ka kuchipatala. Funsaninso za kuyezetsa shuga, makamaka ngati mumamva ludzu losatha, mumakodza pafupipafupi usiku kapena mukuwonda popanda chifukwa. Amene adapatsidwa mankhwala a BP kapena a shuga asaleke kumwa poona kuti akupeza bwino, chifukwa kupeza bwinoko ndi ntchito ya mankhwalawo.

Ngati muli ndi shuga, kapena katumba amakupwetekani poyenda, vulani nsapato mukalowa kwa dokotala, musadikire kuti akuuzeni. Pa phazi pali malo awiri pamene mtsempha umamveka kugunda: pamwamba pa phazi ndi kuseri kwa kakolo wa m'kati. Zala za dokotala zikalephera kuumva, pa zipatala zokulirapo amagwiritsa ntchito kamakina komvera magazi, kofanana ndi kaja amamvera mtima wa mwana kusikelo ya amayi oyembekezera. Amayeza BP ya pa kakolo n'kuiyerekeza ndi ya pamkono. Mwa munthu wabwino ziwirizi zimafanana kapena ya kumwendo imaposa pang'ono. Ya kumwendo ikatsika kufika pansi pa magawo 9 mwa magawo 10 a ya pamkono, ndiye kuti njira yachepa. Sikani, yonga imene amajambulira amayi oyembekezera, imathanso kuonetsa pamene mtsempha wathina. Kalata yokutumizani ku Mua, ku Dedza kapena ku chipatala chachikulu cha Kamuzu Central ku Lilongwe musaisunge m'thumba kudikira kuti mukolole kaye.

Chodabwitsa n'chakuti kwa munthu amene katumba amangomupweteka poyenda, wopanda bala kuphazi, mankhwala oyamba ndi kuyenda komweko. Ayende mpaka ululu utayamba kulimba, apumule, ayambenso, kwa mphindi 30 kapena kuposerapo, katatu pa sabata, kwa miyezi itatu. Minofu imazolowera kugwira ntchito ndi magazi ochepa, ndipo timitsempha ta m'mbali timathandiza kulambalala potsekeka paja, monga madzi amadzipezera njira ngalande ikatsekeka. Ambiri otere safunanso kabaluni. Dokotala angawonjezere asipirini ndi mankhwala otsitsa mafuta m'magazi, koma musayambe nokha kumwa asipirini wa pa golosale tsiku ndi tsiku, chifukwa kwa ena amayambitsa kutaya magazi m'mimba. Fodya ndiye asiyidwe yense, wa ndudu ndi wa chingambwe yemwe. Mchere wa m'ndiwo uchepe, ndipo wowaza pambale ulekeke.

Achikulire a dera lino akukumbukira kuti ku Mua kudali chipatala cha odwala khate kwa zaka zambiri. Odwala khate amaphunzitsidwa kuyang'ana mapazi awo tsiku lililonse, popeza phazi la dzanzi silinena likalasidwa. Phunziro lomwelo ndi la munthu wa shuga lero. Madzulo alionse sambitsani mapazi ndi madzi ofunda pang'ono, pukutani pakati pa zala, ndipo yang'anani kupansi kwake. Ngati maso akuvuta, mdzukulu akuonereni. Pakani mafuta pa zikang'a kuti zisang'ambike, koma osati pakati pa zala. Kutchire ndi kudimba musapite opanda nsapato, ngakhale mchenga wa mwezi wa October musaupondenso ndi phazi losavala, ndipo gwedezani nsapato musanavale. Matekenya ndi minga musazipule ndi lezala kapena pini yakale. Bala la kuphazi la munthu wa shuga lionedwe kuchipatala msanga, lisanathe masiku awiri, ndipo la munthu wina aliyense likatha masabata awiri osapola, nalonso lipite.

Pali vuto limodzi losadikira kucha. Nthawi zina magazi oundana amachoka ku mtima, makamaka mwa anthu amene mtima wawo umagunda mosalongosoka, n'kukatseka mtsempha wa mwendo mwadzidzidzi. Mwendo umawawa koopsa nthawi imodzi, umazizira, umatuwa, umachita dzanzi, kenaka umakanika kugwedezeka. Minofu yosowa magazi kotheratu imayamba kufa pakapita maola ngati 6. Chimodzimodzinso munthu akapotoka pakamwa mwadzidzidzi, dzanja n'kulefuka, mawu n'kumamveka ngati woledzera. Zikatero musathine ndi madzi otentha, musateme mphini, ndipo musamumwetse kanthu ngati akulephera kumeza. Pezani njinga yamoto kapena galimoto nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku, ndipo kumbukirani ola limene vutolo lidayamba, chifukwa dokotala adzakufunsani. Tikudziwa kuti mwambo wathu umafuna kuti mwinimbumba adziwe munthu asananyamulidwe. Atsibweni auzeni pa foni muli kale panjira, ndipo kabuku ka kuchipatala ndi mankhwala onse amene wodwalayo amamwa musaziiwale.